Mawaya Awiri a Deolinda

Pamene mlendo wochokera ku Moatize ankakhala pampando, Deolinda anali atakhala kale pamphepete pa bedi kuchipinda, mawaya awiri ali m'manja. Mlendoyo anali a Raúl, eni malo okonzera mawailesi, ndipo anakwera mtunda wonse wa ku Zóbuè kudzaona kachipangizo ka Lázaro, mwamuna wa Deolinda. Kakawasangalatsa, amulemba ntchito.

Vuto linali loti kachipangizoko sikankagwira ntchito, ndipo wodziwa zimenezi anali Deolinda yekha.

Lázaro anaphunzira za mawaya kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo pobwerera kwawo ananyamula ampulifikadolo, chokuzira mawu a kaseti, atayikulunga m'bulangeti ngati khanda. Chinthucho chinali chadyera. Ukaiwala kuchizimitsa chinkamwa bateriya yonse chili duu, ndiye panafunika kuipalasira kumalire kukapempha oyendetsa malole kuti aitchaje. Pa nkhani yoiwala, Lázaro analibe mnzake. N'chifukwa chake anapanga kachipangizo m'chitini cha sadini, koti kaseti ikayamba kaziyatsa ampulifikadolo, ikatha kazizimitsa.

Tsiku loyesa, kaseti inatha iye ali panja kuitana aneba, koma kanyale kofiira ka ampulifikadolo kanali koyakabe. Deolinda anamumvera chisoni. Anathamangira kuchipinda, kumene bateriya inkakhala kunsi kwa bedi, n'kulekanitsa mawaya pomwe analumikizana. Lázaro atapeza kanyale katazima anavina mpaka fumbi koboo. Munthu wovina choncho ungayambire pati kumuuza? Ndiye kwa masabata asanu, mayi amene sankakhala pansi ngakhale pomwa tiyi ankasiya khasu ndi mtondo masana alionse, kukakhala pabedi. Akamva batani la kaseti ankalumikiza mawaya, nyimbo zikatha n'kulekanitsa. Bateriya yeniyeniyo ankaiopa, sankasuzumira n'komwe kunsiko.

Lero batani linalira kuti kha, iye n'kulumikiza. Nyimbo inadzaza nyumba, ndipo kuseri kwa khoma anamva a Raúl akuvomereza ndi kukhosi. Zonse zinkayenda bwino mpaka itayamba nyimbo yomaliza.

“Amake Alda, tabweretsani madzi alendo asambe m'manja.”

Deolinda anakhala ngati sanamve. Lázaro anaitananso, ndipo kukhala chete kachiwiri mlendo ali m'nyumba kukanakhala mwano. Anapotanitsa mawayawo kuti asalekane, natuluka ndi beseni.

Anagwada n'kuyamba kuthira madzi, koma a Raúl anali munthu wosamba chala chimodzichimodzi uku akucheza. Anafunsa za mbatata za kuno kumtunda, anafunsa za sukulu ya Alda, kenako anayamba kufotokoza mmene kutentha kwa ku Moatize kunaphera nkhuku zawo. Deolinda ankangoti “inde, bambo,” maso ali pa kanyale kofiira. Nyimboyo ankaidziwa pamtima, ndipo ankadziwa kuti yatsala pang'ono. Anachita mantha ndi manyazi pamodzi: ntchito ya mwamuna wake ithera pano, ndipo wamupusitsa ndi iye mwini.

Kaseti inatha. M'nyumba munati zii. Kenako chitini cha sadini chinalira kuti thi, kanyale n'kuzima.

A Raúl anaomba m'manja monyowa momwemo, nauza Lázaro kuti Lolemba akayambe ntchito. Deolinda anathira madzi otsalawo pamphasa osadziwa.

Lázaro atatuluka kuperekeza mlendo kumsewu, Deolinda anathamangira kuchipinda. Mawaya ake anali chipotanirane monga anawasiyira. Analimba mtima, nagwada, n'kuyamba kuwalondola ndi dzanja kulowa kunsi kwa bedi. Sanafike kubateriya. Onse awiri anathera pamwendo wa bedi, atamangidwa mfundo yabwinobwino ngati chingwe cha mbuzi.

Atatulutsa mutu anapeza Lázaro ali pakhomo, akuseka mpaka misozi.

“Titayesa paja, kachipangizoko ndinakakonza m'mawa mwake momwemo, mawaya anuwo n'kuwamangirira pamenepo,” anatero. “Ndikanakuuzani mukanabwerera kumtondo. Chibwerereni ku Malawi, amake Alda, ndinali ndisanakuoneni mutakhala pansi kumvera nyimbo mpaka kumapeto.”