Tepi ya Darla

Darla Nygaard anamuona ali chapatali, kuseri kwa tebulo lodzaza zimbale zakale, akutafuna soseji ngati munthu amene sanalakwirepo mnzake chibadwire. Wendell Krause. Mutu unali utayera, mimba itatsogola, koma kuseka kwake kunali komwe kuja.

"Tiye tizipita," anatero Glenn, mwamuna wake, akumukoka jekete. "Ungodzikwezera magazi pano."

Darla anamusasa dzanja. Sanabwere ku msika wa zimbale wa ku Ballard, mu mzinda wa Seattle, mvula yonseyi, kudzaona nkhope za anthu. Kakampani kena ka ku Portland kanali katamva nyimbo zake pa kaseti yotha ntchito, ndipo kankafuna kutulutsanso chimbale chake. Kanangopempha chinthu chimodzi: tepi yoyambirira ya ku situdiyo. Popanda tepiyo panalibe chimbale. Ndipo tepiyo inatsala m'manja mwa Wendell.

Chimbalecho chinajambulidwa mu 1993, nthawi imene aliyense wa mu Seattle wokhala ndi gitala ndi malaya ong'ambika ankasakidwa ndi makampani akuluakulu. Bandi yawo, Wet Cinder, inali ya anthu anayi. Darla ankaima kutsogolo, amuna atatu kumbuyo, mmodzi mwa iwo Glenn ndi gitala lake. Nyimbo zonse anapeka Darla. Ankaimba mokuwa mpaka kukhosi kumva kukoma kwa magazi, ndipo m'mabala anthu ankasiya mowa pakamwa kuti amuone. Masiku amenewo anyamata a nyimbo zaphokoso zotchedwa grunge ankalumbira kuti kutchuka ndi kudzigulitsa, ngakhale kuti ambiri akaitanidwa ku wayilesi ankathamanga osamanga n'zingwe za nsapato zomwe. Darla sankanamizira. Iye ankafuna kumveka, basi.

Wendell, mwini kakampani kamene kanawajambula, analonjeza kuti chimbalecho achitumiza ku mawayilesi a m'makoleji m'dziko lonse. Darla anadikira. Ankapotokola wayilesi akudzuka, akudya, akusamba. Zii. Anazungulira masitolo a nyimbo, ogulitsa n'kumangopukusa mitu kuti dzina limenelo sakulidziwa. Pamene izi zinkachitika, mabandi a amuna okhaokha a kampani yomweyo ankalira paliponse, ena a iwo osatha n'komwe kuchuna gitala. Panalibe chofunsa apa. Wendell sanafune kutaya nthawi ndi mkazi wokuwa.

Amene anapita kukamuona anali Glenn, ndipo anabwerako nkhope ili pansi. Anati munthu uja wawakwirira amoyo, kulankhula naye n'kudzinyozetsa chabe. Darla analumbira kuti sadzamulankhulanso. Bandi inatha. Iye anakaphunzira ntchito yotsuka anthu mano, ndipo kuyambira pamenepo ankamva nyimbo za anzake akale zikulira chapansipansi m'chipinda chodikirira odwala. Zinkamupweteka tsiku lililonse. Glenn anamupukuta misozi, anamukwatira, ndipo m'nyumba mwawo dzina la Wendell linasanduka chitukwano. Galimoto ikakana kulira, inali Wendell. Galu akawononga pakapeti, Wendell.

Lero Darla anadutsa pakati pa anthu ofukula makatoni, naima patsogolo pa tebulo lija.

Wendell anakweza maso, natambasula manja. "Darla! Koma zoona? Mawu aja ukadali nawo?"

"Musandiseke, akulu. Ndabwerera tepi yanga. Kundipha munandipha kale, mungondipatsa mtembo wokha ndikaike ndekha."

Anthu awiri amene ankasankha zimbale pambali anasuntha pang'ono, makutu ali tcheru. Wendell anaika soseji pansi, napukuta zala pa buluku.

"Ndinakupha ine? Mtsikana iwe, ndinagulitsa galimoto yanga kuti chimbale chako chituluke. Mpaka lero ndimauza anthu kuti chimbale chabwino kuposa zonse zimene ndinajambula palibe anachimva."

"Nanga akanachimva bwanji mutachikhalira?"

Darla anali atakonzekera bodza lililonse. Ankadziwa kuti amva za mawayilesi ouma mitu, za positi yosokoneza katundu, za nthawi zovuta. Zimene sanakonzekere ndi nkhope imene Wendell anapanga. Mkuluyo anamuyang'ana kwa nthawi, kenako maso ake anadumpha phewa la Darla n'kukatera kumbuyo kwake.

"Glenn," anatero. "Zaka zonsezi sunamuuze?"

Glenn anali atagwira chimbale cha munthu wina, akuwerenga chikuto chake mwachidwi chodabwitsa.

"Makatoni anali atamangidwa kale, kungodikira positi," Wendell anapitiriza. "Anabwera anyamata ako atatu ndi vani, akuti bandi yavota, za wayilesi simukuzifuna, inu si odzigulitsa. Ndinawapempha mpaka kugwada. Ananyamula zonse, ndi tepi yomwe. Ine ndinkayesa voti yachinayi ndi yako."

Darla anatembenuka pang'onopang'ono. Munthu amene wagona naye bedi limodzi zaka zonsezi anali ataima pomwepo, atamunyamulira ambulera.

"Anthu ankangobwerera iwe," Glenn anatero chonong'ona. "Ukanangomveka pa wayilesi, ife ukanatitaya."

Darla anadzilimbitsa. Zina zonse akazilira kunyumba. Panopa panali potsala pamodzi pogwira.

"Tepi ili kuti, Glenn?"

"Matepi anali odula nthawi ija, Darla. Ndinajambulirapo nyimbo zanga pamwamba pa zako."