Nsapato Zili Kumathero

Nditatsika panjinga, miyendo inali ngati yobwereka. Ndinali nditasambira kale kuwoloka dziwe lozizira, n'kupalasa makilomita makumi anayi m'mapiri. Chotsala pa mpikisanowu chinali kuthamanga makilomita khumi.

Pamalo osinthira, thaulo langa linali pa udzu pomwe ndinaliyala m'mawa. Nsapato zothamangira panalibe.

"Mukufuna zofiira zija, bambo?" anafunsa mayi woyang'anira malowo. "Akazi anu atenga. Akuti nsapato zatsopano sizisiyidwa pamtetete, anthu angabe."

"Ali kuti?"

"Akwera galimoto. Akukudikirani kumathero."

Ndinakhala pansi, anzanga akundidutsa mmodzimmodzi. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikulawirira kokonzekera, akazi anga akunditenthetsera madzi osamba osadandaula. Za malo osinthira sindinawafotokozerepo.

Msewu wamiyala unkakwera pakati pa minda yobiriwira mpaka kuseri kwa phiri. Ndinavula nsapato zopalasira, zouma ngati thabwa zija, n'kuimirira ndi masokosi okha.

"Mupita choncho?" mayi uja anadabwa.

"Nanga nditani, mayi? Nsapato zanga zili uko."