Maola Awiri ndi Theka

"Madzi sanaphwebe, tidikire," adatero dalaivala uku akuzimitsanso injini ya lole.

A Hezron Chirambo, mlonda wa nyama zakutchire ku Thazima, ankayang'ana mtsinje umene udamiza mlatho. Adanyamuka Lachinayi m'mawa kukatsanzikana ndi mwana wawo Mtende pabwalo la ndege ku Lilongwe. Tsopano linali Lachisanu masana, koma ngakhale pa Rumphi Boma anali asanafike.

Chikanganirane pamaliro a mayi ake a Mtende, awiriwa adatha zaka zitatu osalankhulana. Sabata yapitayo mwanayo adaimba kuti wapeza ntchito ya unamwino ku Joni, ndipo zobwerako sakuzidziwa. Mawu opepesa a Chirambo adawasunga kuti akawanene akumuona m'maso.

Adavula nsapato n'kulowa m'madzi kuti awoloke wapansi. Atafika m'chiuno, madzi adawagwetsa, anzawo apaulendo n'kuwakokera kumtunda. Adakhala pamwala, zovala zili chuuu.

Foni, imene adaisiya mu lole, idalira ndipo adathamangira kukaiyankha.

"Adada, ndafika bwino," adatero Mtende. "Foni yanu siimapezeka. Ndidakudikirani mpaka adatiitana komaliza."

"Wafika kuti?"

"Ku Joni. Maola awiri ndi theka basi. Nanga inu muli pati, mwafika ku Lilongwe?"

A Chirambo adacheuka.

"Mapiri akwathu ndikuwaonabe, mwana wanga. Koma tamvera, zija ndidalankhula pamaliro paja, ine..."

Adalankhula nthawi yaitali, misozi ili mbwee, osadziwa kuti netiweki idathawa kale.