Wogwira Mbuzi

Mpeni unali m'manja mwa Che Chande, ndipo wouzidwa kugwira mbuzi anali Hudson.

Msonkhano wa pa Ngokwe unali utatha. Amzikiti ndi atchalitchi anali atalankhulana mpaka kusasa mawu, za kutchulana obwera, za ndewu ndi mabwato amene anawotchedwa kunyanja ya Chiuta. Chotsala chinali kudyera pamodzi, ndipo nyama yoti adye onse anayenera kuzinga ndi Msilamu.

Koma msonkhano wonse Che Chande sanatsegule pakamwa. Mwana wawo anaphulika diso pa ndewu ija, ndipo mwala umene unamuvulazawo anaponya ndi mwana wa Hudson.

Anapita awiriwiri kuseri kwa sukulu. Hudson anagwada, napanikiza mbuzi ndi bondo. Thukuta linamulowa m'maso. Ataona mthunzi wa mpeni ukuyenda padothi, anazindikira kuti khosi lake lili pamtetete ngati la mbuziyo. Anthu anali kutali, akuimba. Akanakuwa, akanamva ndani?

Anadikira kumva Bisimila, pemphero loyambira kuzinga. Kunali zii.

"Che Hadisoni."

"Ndikumva, bambo," anayankha osadzutsa mutu.

"Mwana wanu uja amagona tulo?"

"Iyayi. Amangodzidzimuka, kukuwa."

"Wanganso."

Che Chande ananjuta pambali pake. Nsonga ya mpeni inkagwedera ngati tsamba.

"Chivulalire mwana uja sindinazingepo kanthu," anatero motsitsa mawu. "Ndingaizunze mbuziyi. Tandigwirani mkonowu, achimwene."

Hudson anatambasula dzanja lake, nagwira mkono wa mpeniwo.