Chimanga cha a Domingos

Palmira anagwira kawaya komaliza, kowonda ngati tsitsi, n'kuyamba wapuma kaye. Akanakalumikiza molakwika, timagalasi tiwiri ta m'katimo tikanapsa, ndipo kopeza tina kunalibe.

Chipangizocho chinali chovala kumaso, chija munthu akavala amaona zithunzi ngati ali pomwepo. Anachigula chakufa kwa woyendetsa kamiyau, lole yonyamula katundu, pa Cassacatiza, pomwe iye amakonza matelefoni. Ubongo wake unali utapsa, choncho Palmira anadzipangira yekha pulaka, kabolodi ka timawaya, yotumiza zithunzi molunjika ku timagalasito.

Bambo ake, a Domingos, anali pamkeka pakhonde. Miyendo inawakana chaka chatha, ndipo munda wawo wa ku Mualadzi anali asanauonenso.

Palmira anawotcherera kawayako. Kautsi kanafuka, kenako m'katimo munawala.

"Ababa, dzutsani mutu ndikuvekeni."

"Sichiluma chimenechi?"

"Sichiluma. Ndi munda wanu, ndinaujambula Lamlungu."

Anawamanga lamba kumbuyo kwa mutu. Patapita kanthawi dzanja la a Domingos linanyamuka, zala zikufunafuna tsamba la chimanga pamalo popanda kanthu. Palmira maso anali pa pulaka, kuopa kuti izima.

"Mukuona, Ababa?"

"Ndikuona, mwanawe," anatero a Domingos. "Chatulutsa kale ngayaye."

Anatembenuzira mutu chakumalire kwa munda. Polankhulanso, mawu awo anali aja a kumunda, olimba ndi olamula.

"Umuuze mlongo wakoyo, kaufiti ali kumalireyo azule msanga asanamwaze njere."