Ngolo ya a Elia Yasiya Kulira

Pikapu ya a Benjamini inakhosomola kawiri, inanjenjemera, n'kuti zii. Kanyali kofiira ka oyilo kanangotsala tong'oo, osazima.

Roza anaima potero, pafupi ndi nkhokwe, monga amachitira mpongozi wolangidwa bwino. Kumsana kwake Tamandani ankatentha ngati mbaula. Mwanayo anali atakana bere chidzulo chonse, ndipo m'mawa uno khosi linali litayamba kulefuka. Chipatala chili ku Boma, kuseri kwa mapiri. Mwamuna wake anali ku okushoni ku Lilongwe ndi fodya. Chotsala chinali pikapu ya apongozi akeyi, yomwe anaigula mwezi wathawu kuti aziyendera kampeni, poti zipani zitachuluka nawonso anazindikira kuti anabadwa phungu.

Amuna a m'mudzi anali atazungulira boneti, njinga zawo zitatsamira mpanda, matcheni ali phuliphuli ngati ogula kumene. Aliyense anali dokotala. Wina anati ndi batire. Wina anati dizilo wa masiku ano ndi wa demokalase, amagwira ntchito akafuna. Wina anamenya tayala ndi phazi n'kupukusa mutu ngati wapeza matenda.

Zuberi, makaniko yemwe anamuitanitsa kuchokera pa tauni, anangoyamba ntchito yake. Anagunditsa mawaya a batire, moto unathetheka. Anapopa dizilo, anamasula kapaipi, dizilo anatumphuka bwinobwino. Anapotoza kiyi, injini inangobuula. Kenaka anasolola kawaya koyezera oyilo, anakapukuta pa thalauza, anakabwezera, n'kukasololanso. Kanali kouma gwaa. Anakwawira pansi pa galimoto ndipo anatulukapo akupukusa mutu.

"Bambo, injiniyi mwailiza yopanda oyilo, yagwirana. Wina wamasula bawuti ya pansi n'kukhetsa yense. Zipsera za sipanala zikuoneka, n'zadzulodzuloli."

Madokotala aja anayang'ana kumbali. Wina anayamba kuyang'ana nyerere. A Benjamini analowetsa manja onse awiri m'matumba a jekete, ndipo mawu atabwera anabwera a pamsonkhano.

"Mwaona? Mwaona ntchito za chipani chinacho? Aona kuti pa voti sangandithe, ndiye akundilowera pansi pa galimoto!"

"Ndi Elia ameneyo!" anatero womenya tayala uja, ndipo onse anavomereza mokweza, mokweza kwambiri.

Roza anakumbukira china chake. Dzulo sanatuluke m'nyumba, anali kupukuta mwana ndi kansalu konyowa. Koma atasuzumira pazenera chakumadzulo anawaona ndi maso ake a Elia, mkulu wa chipani chinacho, akutsetsereka njira ya kumunsi atanyamula chitini chodontha zakuda.

Roza anayandikira apongozi ake, n'kugwada chapatali.

"Bambo, pepani, mwanayu..."

"Tadikirani mayi," anatero apongozi ake osacheuka. "Pano tikukamba za dziko."

Za dziko zinatenga nthawi. Anakambirana zokanena ku polisi, zolemba chikalata, zokaulula pa msonkhano wa Loweruka. Zuberi anati oyilo wina ngakhale atapezeka, injiniyo ndi yofunika kuphwasula. Palibe anamumva.

Tamandani anabuula, kamawu kochepa ngati ka mwana wa mphaka. Roza atadzutsa mutu anaona ng'ombe ziwiri zikudutsa kuseri kwa mpanda. Inali ngolo ya a Elia. Ngolo imeneyi mudzi wonse unkaidziwa: ikachoka kwawo inkalira kwii kwii mpaka agalu a kutsidya kuyankha. Lero inadutsa mwakachetechete ngati mfiti, pakati pa matayala pali noninoni, bii.

Umboni wina ungafunikenso wotani? Koma Roza sanali woweruza. Anamanga chitenje mwamphamvu, n'kuthamanga.

A Elia anaimitsa ng'ombe, anamuyang'ana mwanayo kamodzi kokha, n'kuyala masaka.

"Kwerani, make Tamanda. Pamsewu waukulu sitilephera kupeza galimoto ya ku Boma."

Kumbuyo kunamveka a Benjamini akukuwa kuti mpongozi wawo sangakwere ngolo ya adani. Sanatulutse manja m'matumba, ndipo palibe anasuntha phazi.

Ngolo inatsetsereka phiri osadandaula. Roza anakhala pa masaka paja, mwana ali pachifuwa, akumuuzira kamphepo pamutu. Anadutsa nyumba za m'mudzi, nkhokwe zatsopano zitaima pa mitengo yopakidwa zakuda kuti chiswe chisadye. Fungo la oyilo linali ponseponse. Roza anayesa kudzigwira, poti munthu sutukwana wokunyamula, koma msewu utaonekera patali, mawu anamupulumuka.

"Bambo Elia, zandale zanuzo ndi zanu. Koma mwanayu akanakhala atafika kale kuchipatala. Oyilo wa galimoto ya eni ake, inu mpaka kukapaka ngolo?"

A Elia anacheuka, nkhope ili yodabwa zenizeni.

"Iii, mayi, simunamve? Apongozi anu anamasula okha dzulo, n'kugawira mudzi wonse, aliyense kachitini kake. Amati wada kale, ndi wotha ntchito, ife tingowakumbukira tsiku lovota. Onse ali pa boneti aja anali patsogolo panga, ine ndinangopeza zokokota."