Nyumba ya Kumabango

Amayi a m'mudzi anawachenjeza akomiti: "Nyumba ya woyang'anira damu musamange kumabango uko, n'komwe timaika ana obadwa akufa." Akomiti anaseka, n'kumanga. Ine wolembedwa ntchitoyo sanandiuze kanthu. Ndinakazimvera kuchigayo, nditalowamo kale ndi khanda langa, Lonjezo.

Lero kutangoda ndinatsika ndi tochi, mwana kumsana, kukazula maneti a udzudzu amene akuba nsomba amatchera. Achule onse anangoti zii. Kenako m'mabango munalira khanda. Lonjezo, amene sanayambe n'kuseka komwe, anaseka, n'kumadzikokera kumadziko mpaka mfundo ya chitenje inamasuka.

Ndinam'gwira n'kuthamangira kwa a Zikhalo, apampando a komiti.

"Ndi mbalame zimenezo, amake Lonjezo," anatero. "Inu wa Folomu 4 n'kumaopa mbalame?"

"Nanga mwana wanu Agnesi munam'letseranji kuchapa kumeneko ali ndi pakati? Wanga yekhayu ndiye si munthu?"



Nditabwerera kunyumba ndinapeza loko ali chikhomere, koma mphasa ya mwana ili nyowenyowe, ikununkha matope.

Nsombazo azilondera okha a Zikhalo. Ine tambala asanalire ndikhala ndili pamsewu wa ku Chimbiya.